Chitseko Sindinatseke

Achimwene anga amadula makiyi. Ntchito yawo ndi imeneyo kuyambira ndili kamtsikana kosadziwa kupesa mpaka lero mutu wanga wayera. Ali ndi kabenchi pakati pa shopu ya ometa ndi sitolo ya penti. Pakabenchipo pali kamakina kolira ngati udzudzu, matupa anayi opalira chitsulo, ndi waya wopachikapo makiyi osadula. Dzina lawo lenileni ngakhale ine mchemwali wawo ndimachita kulikumbukira polemba fomu ya kuchipatala. Msewu wonse umangoti a Makiyi.

Tsono munthu wa makiyiyu kunyumba kwake sakiya. Sakiya popita kuntchito, sakiya pokagona. Chitseko amangochikankha kuti fumbi lisalowe. Akuba anawayendera katatu. Woyamba anatenga wailesi, wachiwiri bulangete ndi simbi yositira, wachitatu anapeza mulibe kanthu ndipo potuluka anawatsekera chitseko bwinobwino, mwina chisoni chinamugwira.

Ine pakamwa panga sipachedwa, ndipo ndinkawakalipira.

“Achimwene, anthu akukusekani! Nyumba za tauni yonse mumatseka ndinu, yanu ili pululu. Mukudikira kuti adzabe inuyo?”

“Andibe akanditani?” ankayankha choncho, n'kupitiriza kupukuta kapu.

Kapuyo ndi yoyera, yothyoka chogwirira, ndipo imakhala pawindo. Samweramo. Pansi pa bedi pali nsapato zakuda zachizimayi, nambala faifi, zimene amazipaka polishi Loweruka lililonse. Chipinda chonse ndi chomwecho: bedi, tebulo, mipando iwiri, kapu ndi nsapato. Mpando wachiwiri ndimakhalapo ine Lamulungu masana ndikabwera kudzawachapira. Masiku ena onse umangokhala.

Lamulungu lina mwezi wathawu ndinabwera ndi kawailesi kanga. Tikumwa tiyi, muulutsi anayamba kuwerenga opeka nyimbo makumi awiri oposa onse amene dziko lino linakhalapo nawo. Anayambira kumunsi, kukwera mmodzimmodzi, uku akuyika kachidutswa ka nyimbo. Achimwene ankamvetsera mutu uli pansi. Wina akamuyika, ankati, “Uyu mawu amangowapachika.” Wina ankati, “Uyu ndiye amadziwa, tamva mmene wakhotera apo.” Maso awo ayamba kuchita khungu, koma khutu likadali lakuthwa.

Atafika pa nambala wani, muulutsi anachita kupuma kaye. Anatchula malemu a Jekete.

“Munthu uyu,” anatero muulutsiyo, “ankadziwa kulasa mtima ndi liwu limodzi. Tamverani: chitseko ndinatseka. Basi! Palibe kulira, palibe kuchonderera. Mwamuna watseka, watha. Ndani wina akanalemba choncho?”

Ndinazimitsa wailesiyo mwamphamvu mpaka batire linagwa. Mtima unandiwawa zedi. Achimwene anawerama, n'kupapasa pansi, n'kutola batirelo.

Kuti mumvetse chimene chinandikwiyitsa, ndibwerere m'mbuyo zaka zoposa makumi atatu.

A Jekete asanakhale a Jekete a pa wailesi, anali munthu wongokhala pa shopu ya ometa ija ndi gitala ya zingwe zisanu. Dzinalo anawapatsa ndi ometa, chifukwa jekete yawo yoyera sinkachoka m'thupi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Mawu anali nawo, ndisaname. Akatsegula pakamwa, ometa ankaimitsa lezala m'mwamba. Koma kupeka, ayi ndithu. Nyimbo zawo zonse zinali “bwera wokondedwa, bwera wokondedwa,” mpaka wokondedwayo n'kutopa.

Achimwene ndi munthu wosayankhula. Mukhoza kukhala nawo tsiku lathunthu, mawu amene atuluke n'kukwana m'supuni. Zonse zimene pakamwa pankakana, ankazilemba ndi pensulo kuseri kwa mapepala a kalendala amene sitolo ya penti inkataya mwezi ukatha. Mzere uliwonse ankauyeza ndi tupa. Akamapala kiyi, kwe, kwe, kwe, milomo inkagwedera, ndipo mzere ukapitirira kapena kuperewera, ankaufufuta. Ankati mawu a m'nyimbo ali ngati mano a kiyi, limodzi likasowa loko satseguka.

Tsiku lina mphepo inaulutsira pepala limodzi kumapazi a a Jekete. Analiwerenga, n'kukhudza gitala, ndipo ometa onse anatuluka panja kudzamvera. Kuyambira pamenepo a Jekete ankabwera pabenchi ngati odulitsa kiyi, n'kuchoka ndi kalendala m'thumba la jekete. Nyimbo khumi ndi imodzi zinachoka pabenchi paja. Ija ya mayi wodikira basi imene sinabwere, ija ya malaya a bambo opachikidwa pamsomali, zonse zimene anthu amaimba akumwetulira misozi ili m'maso, n'za achimwene. Pa makaseti panalembedwa dzina la a Jekete lokha.

Ndinafunsa kuti bwanji osayikapo lanu. Anati, “Dzina langa pa kaseti litsegula chitseko cha ndani?” Sankadandaula, ndipo mpaka lero sadandaula. Akamva woyendetsa minibasi akuimba nyimbo yawo molakwitsa, ankangomwetulira, n'kupitiriza kupala.

Nthawi imeneyo n'kuti ali pabanja. Alamu anga anali mkazi wamfupi, woseka mokweza, wogwira ntchito mu shopu yochapa ndi kusita zovala. Iwo ankayankhula mokwanira anthu awiri, achimwene ankamvetsera mokwanira anthu awiri, ndipo zinkayenda. Kenako anabereka mwana wamkazi amene anakhala masiku asanu ndi anayi okha.

Titayika maliro, tsiku lachitatu achimwene anavala ovolosi n'kupita kubenchi. Alamu anaima pakhomo n'kunena kuti, “Mwana wafa, inu mukukadula makiyi?” Achimwene anatsegula pakamwa, mawu osatuluka, n'kunyamuka. Kubenchiko analemba mapepala asanu ndi atatu a mwanayo, koma sanawaonetse aliyense. Ine ndinawaona patapita zaka. Alamu ankaona mwamuna wodya, wogona, wopita kuntchito ngati palibe chachitika. M'nyumbamo munazizira. Patatha miyezi inayi, achimwene anabwera kuchokera kuntchito n'kupeza sutikesi palibe. Patebulo panali kiyi wa alamu, wa kaulusi kofiira, amene anawadulira okha sabata ya ukwati wawo.

Anapita kwa makolo awo a alamu, anawauza kuti sakudziwa. Anapita kushopu yochapa, anawauza kuti anasiya ntchito. Mafoni a m'manja kunalibe. Munthu akachoka, wachoka.

Ndiye achimwene anaganiza zimene munthu wosayankhula angaganize. Kalata imafuna keyala, koma wailesi imalowa m'nyumba iliyonse popanda kufunsa njira. Anakhala milungu itatu akupala nyimbo imodzi. Pobwereza pake panali mizere itatu:

Kapu yako yothyoka ili pawindo,
nsapato zako ndazipukuta,
chitseko sindinatseke.

Anayikopera pa pepala lina n'kuyipereka kwa a Jekete, ndipo kwa nthawi yoyamba anapemphapo kanthu. “Iyi muyimbe mmene ndalembera. Musasinthe kalikonse.”

“Osadandaula, a Makiyi, mukundidziwa,” anatero a Jekete.

Atafika kojambulira, woimba ng'oma anathamangitsa nyimbo pang'ono kuti anthu azivina. Mzere womaliza unayamba kusefukira. A Jekete akaimba “chitseko sindinatseke,” ng'oma inali itafika kale, iwo akadali m'njira. Anayesa kawiri, katatu, wojambula akuyang'ana wotchi. Ndiye anachotsa “si.” Kachidutswa kakang'ono, timalemba tiwiri tokha. “Si” atachoka, “ndinatseke” sanamveke bwino, basi anangowongola n'kukhala “ndinatseka.” Zinalowa mu ng'oma bwinobwino, onse anawomba m'manja.

Tsono taimvani nyimboyo mmene inatulukira. Kapu yako ili pawindo, bwera udzatenge. Nsapato zako ndapukuta, nyamula uzipita. Chitseko ndinatseka. Pempho linasanduka chipongwe.

Mayo ine, mmene inatchukira! Mu minibasi, m'masitolo, pa maukwati penipeni anthu ankavina nyimbo yothamangitsa mkazi. Akazi ankayiimbira amuna, amuna ankayiimbira akazi, ana ankayiimbirana polandana mpira. Ngakhale ine ndinaiimba, ndivomere, ndipo ndinkachita kukweza pa “ndinatseka,” chifukwa alamu ndinali nditawakwiyira. Sindinkadziwa kuti pepala likunena zina.

Achimwene anayimvera pabenchi, pa wailesi ya ometa. Wometa wamkulu anandiuza kuti achimwene anazimitsa makina awo, n'kukhala pansi pa simenti, kiyi wa kasitomala ali m'manja. Mawa lake anapita kwa a Jekete.

“Mwachotsa si.”

“Sankalowa, a Makiyi. Komanso tamverani mmene yamvekera, yachimuna! Dziko lonse likuimba.”

“Ine sindinalembere dziko lonse.”

“Makaseti atuluka kale. Tiwaitanitse limodzilimodzi?”

Achimwene analemba nyimbo ina yokonza cholakwikacho. A Jekete anati imeneyo ndi yolira kwambiri, anthu sangavine. Kuchokera tsiku limenelo pensulo anayiponya mu kabati, makalendala a sitolo ya penti anayamba kupita kwa ogulitsa mtedza. A Jekete anatulutsabe makaseti ena anayi a “bwera wokondedwa,” ndipo akatswiri a pa wailesi amati zaka zimenezo munthuyo anali atatopa.

Chinatsala kwa achimwene n'chimodzi: kuti zimene analemba zikhalebe zoona. Alamu anasiya kiyi patebulo, ndiye akabwera alowa bwanji? Chitseko sichinakiyidwenso.

Tibwerere ku Lamulungu lija. Achimwene atabwezera batire mu wailesi, ndinati, “Mawa ndikupita ku wailesiko ndi mapepala anu. Adziwe kuti nambala wani wawo ndi munthu wodula makiyi.”

“Usatero, mchemwali. Mwini jekete anagona, msiye agone.”

“Ndiye mufe choncho, dziko lonse likukunamizirani?”

“Dziko linganame, zilibe kanthu.” Anayang'ana kuwindo kumene kuli kapu, ngakhale sindikudziwa ngati ankayiona. “Munthu mmodzi yekha ndi amene ndimafuna adziwe kuti sindinamuthamangitse. Maso akupita. Posachedwa ngakhale atalowa sindidzamuzindikira.”

Apa ndi pamene manyazi anandigwira, chifukwa ndinali ndi chinsinsi. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ndinawaona alamu pa depoti ya mabasi ya tauni ina, atanenepa, atanyamula mdzukulu. Ndinafunsa ogulitsa matikiti, anandilozera kumene amakhala. Ndinabwerako osanena kanthu. Ndinkadziuza kuti ndikuwateteza achimwene, koma chilungamo chake n'chakuti mkwiyo wanga ndinkaukonda.

Ndinaulula. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo bola akanatero. Anangogwada n'kukoka kabokosi pansi pa bedi. Anatulutsa pepala la kalendala lofiirira ndi ukalamba, ndi kiyi wa kaulusi kofiira.

“Ali ndi banja lake, sindikumulanda kwa munthu. Angowerenga basi. Kiyiyu ndi wake.”

“Tiyeni limodzi.”

“Ndikafika pakamwa padzandikanika ngati kale. Iwe ndiwe wa pakamwa.”

Lachitatu ndinakwera basi, maola anayi. Nyumba ya alamu ndi ya njerwa, ya geti yobiriwira, zovala za ana zili mbwee pachingwe. Anatsegula ndi bambo wina wamtali, waulemu, woyendetsa malole wopuma pantchito. Atamva kuti ndine mlamu wakale wa akazi awo, anandipatsa mpando, n'kunena kuti akukaona matayala kwa mnzawo. Ndinamuyamikira mumtima munthu ameneyo.

Alamu anatuluka kukhitchini akupukuta manja. Anandizindikira nthawi yomweyo.

“Alamu! Kwagwanji? Amwalira?”

“Ali moyo. Andituma.”

Nkhope inauma. “Uthenga wawo ndinaumva kale. Ndimaumvabe mpaka lero, mu minibasi, m'sitolo, ngakhale pa ukwati wa mwana wanga anauyika. Kapu yanga ndi nsapato zanga anaziyanika pamaso pa dziko lonse. Atumanso chiyani?”

Ine wa pakamwa uja ndinapisa dzanja m'chikwama. Ndinangowapatsa pepala. Anavala magalasi, n'kulitembenuza kaye kuona mwezi ndi chaka pa kalendala, kenako anawerenga akugwedeza milomo. Atafika pa mzere wachitatu anaima. Anayika chala pansi pa “si,” n'kuwerenganso. Anapukuta magalasi ndi nsalu, n'kuwerenga kachitatu.

Ndinawafotokozera za ng'oma, za wojambula ndi wotchi yake, za akuba atatu, za polishi wa Loweruka, za mapepala asanu ndi atatu a mwana uja. Sanalire. Anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu amene msana wamugwira.

“Alamu,” anatero, “ine ndinabwera.”

“Munabwera kuti?”

“Kunyumba. Patatha miyezi isanu ndi iwiri. Mkwiyo unali utatha, ndinawasowa. Ndinanyamula sutikesi yanga yomwe ija, ndinafika masana, dzuwa lili pamutu. Ndinaima pakhomo, kapu yanga ndikuyiona pawindo. Ndiye wailesi ya aneba inayamba nyimbo ija. Ndinali ndisanayimvepo, kumene ndinali kunalibe wailesi. Ndinamva kapu, ndinamva nsapato, ndinadziwa kuti mawu amenewa ndi a munthu mmodzi yekha. Amayi amene ankachapa pampopi anandiona, n'kuyamba kuimba nawo mokweza, akundiyang'ana, akuseka.”

“Ndiye chitseko?”

“Chinali chotseka.”

“Munachikankha?”

Anayang'ana manja awo. “Sindinachikhudze n'komwe. Ndikankhirenji chitseko choti mwini wake walengeza pa wailesi?”

Kuseri ana ankakangana za njinga. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo, cha iwo, cha achimwene, ndi cha ine ndemwe amene ndinkakweza mawu pa “ndinatseka.” Mwa amayi a pampopi aja palibe amene anakawauza achimwene, ankaganiza kuti awathandiza.

Ndinatulutsa kiyi. Anamulandira, n'kusisita kaulusi kofiira kamene kanasanduka kotuwa. Anamufumbata kanthawi, kenako anatsegula dzanja langa n'kumubwezeramo.

“Pepalali nditsala nalo. Mukawauze kuti ndawerenga, ndamva. Mukawauze kuti za mwana ndinawalakwira, sindinkadziwa. Ndipo mukawauze akiye. Akalamba, kunjaku kukuzizira. Akiye ndithu.”

Mu basi ndinalimbana nazo njira yonse. Ndikanene zonse, kapena ndibise zoti anabwera? Ndinaona kuti kubisa ndinabisa kale zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe chimene kunakonza.

Mawa lake masana ndinawapeza kunyumba, sanapite kubenchi. Anali atameta, atavala malaya oyera.

“Wawerenga?”

“Awerenga. Katatu.”

“Si wamuona?”

“Anayikapo chala.”

Anapumira m'mwamba, mapewa n'kutsika. Ndinanena zonse, za sutikesi, za wailesi ya aneba, za amayi a pampopi. Anamvetsera osaphethira.

“Ndiye kuti anabwera,” anatero. “Anafika pakhomo pomwepa.”

“Pomwepa.”

“Masana. Ndinali kubenchi.” Anagwedeza mutu. “Akanangokankha ndi chala.”

Ndinawapatsa kiyi, ndi mawu omaliza aja. Anamuyeza m'dzanja, akupapasa mano ake limodzilimodzi ndi chala chachikulu. Kenako anadzuka n'kumulowetsa mu loko. Sanazungulire. Zaka makumi atatu ndi chimodzi dzimbiri linali litamanga nyumba m'menemo. Anaseka pang'ono, n'kunena kuti, “Taona, loko wa a Makiyi.” Anatenga sikuludiraiva, anamasula loko yense, n'kumuyala patebulo. Anapala, anathira oyilo, akugwira ntchito ndi zala poti maso sakuthandiza. Ine ndinakhala pa mpando wachiwiri uja osayankhula, mwina koyamba m'moyo wanga.

Dzuwa lisanalowe anamubwezera. Ananditsanzika pakhomo, ndipo ndisanafike pampopi ndinamva kumbuyo kwanga kuti khwe, khwe. Kawiri.

Kwa anthu a pa wailesi sindinapiteko. Nambala wani akadali a Jekete, ndipo nyimbo ija ikumvekabe mu minibasi. Ndikayimva ndimayikamo “si” ndekha chapansipansi, ngakhale salowa mu ng'oma. Achimwene akupitabe kubenchi, makiyi amadula mopapasa, ndipo makasitomala akuti sanalakwitsepo ngakhale mmodzi.

Lamulungu lotsatira ndinabwera ndi sopo ndi kawailesi kanga. Ndinakankha chitseko ndi phewa monga mwa masiku onse, n'kudzigunda. Ndinali nditaiwala. Kapu pawindo inalipobe. Kwa nthawi yoyamba pakhomo pamenepo, ndinagogoda.

Mkati ndinamva mpando ukugwa, ndi mapazi a munthu wokalamba akuthamangira kuchitseko, kiyi akugwedera m'manja osapeza bowo.

“Ndine, achimwene,” ndinafulumira kunena. “Ndine ndekha.”